Mlandu wa ankhoswe ndi mlandu wa boma: njira imene mayi womenyedwa amayenda kuno ku Tete

Mayi akamenyedwa usiku m'mudzi wina wa ku Dómuè kapena kufupi ndi Furancungo, sayamba waganiza za polisi. Amathawira kwa mnansi, mwana kumsana, n'kugona pamphasa ya eni ake. Kukacha amatumiza mawu kwa ankhoswe. Ankhoswe akafika amakhala pansi, kumva mbali zonse ziwiri, kumukalipira pang'ono mwamunayo, kenako n'kutembenukira kwa mkazi ndi mawu amene tonse tinakula tikuwamva: "Mwana wathu, banja ndi kupirira. Bwerera uzikaphikira ana." Mwina mwamunayo amapereka nkhuku yopepesera. Anthu amabalalika poganiza kuti nkhani yatha.

Pamaso pa lamulo la Mozambique nkhaniyo sinathe, ndipo ankhoswewo analibe mphamvu yoithetsa. Zinthu zinasintha mu 2009, pamene Nyumba ya Malamulo ku Maputo inavomereza lamulo lotchedwa Lei 29/2009, lokhudza nkhanza za m'banja zochitira amayi. Silinagwe kumwamba ayi. Mabungwe a amayi monga Fórum Mulher, WLSA, MULEIDE ndi bungwe la amayi odziwa malamulo la AMMCJ anakhala zaka akulemba, akuguba ndi kukangana ndi aphungu mpaka linadutsa. Chimene lamuloli linachita chachikulu ndi kutulutsa nkhanza m'chipinda n'kuziika pabwalo la boma. Pa Chipwitikizi amati crime público, kutanthauza kuti mlanduwo si wa wolakwiridwa yekha. Aliyense amene waona atha kukanena: mnansi, mphunzitsi, namwino, mlongo wake wa mayiyo. Ndipo ukalowa m'buku la apolisi, mayi sangabwere mawa lake n'kunena kuti "ndamukhululukira, fufutani." Woimira boma pa milandu amapitiriza nawo ngakhale mayiyo atasintha maganizo.

Anthu ambiri akamva zimenezi amadabwa, ena amapsa mtima. Paja timati ukwati ndi anthu awiri, wachitatu ndi kapasule. Koma amene analemba lamuloli ankadziwa chimene chimachitika mayi akangobwerera kunyumba: apongozi amabwera, atsibweni amabwera, ana akulira, ufa watha, ndipo mwamunayo ali pakhomo pomwepo akumuyang'ana. Mlandu umene ungachotsedwe ndi wolakwiridwa umachotsedwa ndithu, osati chifukwa chakuti mtima wake wapola, koma chifukwa chakuti wapanikizika. Anafuna kumuchotsera katundu ameneyo pamutu.

Lamuloli silinena za chibakera chokha. Kumutukwana mkazi ndi kumuopseza mpaka kukhala mwamantha ndi mlandu. Kumuipitsira mbiri pagulu ndi mlandu. Kumuletsa kuonana ndi abale ake kapena kumutsekera pakhomo ndi mlandu. Kumulanda kapena kumuwonongera katundu, zipangizo zake zogwirira ntchito kapena zikalata zake ndi mlandu, ndipo apa ndi pamene ambiri a ife timagwera osadziwa: mwamuna wogulitsa mbuzi zimene mkazi anagula ndi ndalama za mandasi ake, kapena wong'amba chiphaso chake pokwiya. Kugona naye mkazi mokakamiza, ngakhale ali wako wa ukwati, chilango chake ndi miyezi 6 mpaka zaka 2 m'ndende. Kumenya kosavulaza kwambiri ndi mwezi umodzi mpaka miyezi 6, ndipo woweruza atha kusintha chilangocho kukhala ntchito yothandiza anthu m'dera. Kuvulaza koopsa kumaweruzidwa ndi malamulo a milandu ikuluikulu. Wolakwa sayenera kukhala mwamuna wa ukwati yekha: amene munasiyana naye, chibwenzi, ngakhale wachibale, onse lamuloli likuwakhudza. Kwa abambo amene amafunsa pa msonkhano uliwonse kuti "nanga ife tikamenyedwa?", yankho lilimo kale, chifukwa ndime ina imati lamuloli ligwirenso ntchito kwa mwamuna amene wachitiridwa zomwezo.

Koma muli ndime ina, chakumapeto, imene ine ndimaiona ngati khomo limene anasiya losatseka. Imati pogwiritsa ntchito lamuloli pazikhala kuganizira zoteteza banja. Pongowerenga ndi mawu abwino. Koma wapolisi wotopa, amene nayenso anakulira m'mudzi wa "banja ndi kupirira", atha kuwatenga mawu amenewo n'kuuza mayi kuti abwerere akakambirane ndi akuluakulu. Zikatero mayiyo wayenda ulendo wonse n'kukapezanso ankhoswe, kungoti awa avala yunifomu.

Tsono tiyeni timutsatire mayi amene walimba mtima. M'mapolisi a PRM, omwe ndi apolisi a dziko la Mozambique, muli ofesi yapadera imene anthu amangoti Gabinete. Poyamba inkatchedwa ofesi yothandiza amayi ndi ana. Pano dzina lake lonse ndi Gabinete de Atendimento à Família e Menores Vítimas de Violência. Cholinga chake n'chakuti mayi asafotokoze za manyazi ake pa kauntala pamene pali akuba njinga ndi oledzera, koma m'chipinda, kwa wapolisi wophunzitsidwa ntchitoyo. Mu 2012 boma linavomereza dongosolo lakuti mbali zinayi zizigwira ntchito limodzi: apolisi, achipatala, a zamalamulo ndi a zachisamaliro cha anthu. Anakonza fomu imodzi, ficha única, kuti mayi asabwereze nkhani yowawa kanayi kwa anthu anayi. Kumene kuli malo otchedwa CAI, onsewo amapezeka pansi pa denga limodzi. Amene alibe ndalama ya loya ali ndi IPAJ, bungwe la boma loimira osauka kwaulere. Woweruza athanso kulamula, mlandu usanathe, kuti mwamunayo alandidwe chida, asayandikire mayiyo, komanso azipereka ndalama ya chakudya cha ana.

Papepala njirayo ndi yosalala. Koma chigawo chathu n'chachikulu, ndipo thandizo lambiri launjikana m'matauni. Kuchoka ku Ulónguè kupita mumzinda wa Tete ndi makilomita oposa 200. Mayi wa m'mapiri a ku Tsangano, kapena wa ku Chifunde kufupi ndi malire a Zambia, ayenera kupeza ndalama ya njinga yamoto kuti angofika pa likulu la boma lake, ndipo nthawi ya dzinja mitsinje ikadzadza ngakhale njingayo siwoloka. Ndalamayo kawirikawiri ili m'thumba la amene wamumenyayo. Akafika, mafomu ndi a Chipwitikizi, pamene iye ululu wake amaudziwa m'Chichewa. Ngati wolembayo wachokera kummwera ndipo samva chinenero chathu, pamafunika womasulira, ndipo nkhani ya kuchipinda ikadutsa pakamwa pa munthu wachitatu imafika itazizira.

Apa pali chinthu chimene ndikanakonda nkhoswe aliyense, nyakwawa iliyonse ndi mayi aliyense wa chigwirizano achidziwe ngati dzina lake: maola 72. Mkazi kapena mtsikana akagwiriridwa, mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayamba kumwa pasanathe masiku atatu. Mankhwala oletsa kuti mimba isakhale nawonso amafuna masiku oyambirira omwewo. Mabala a kumenyedwa amaonekanso bwino akadali atsopano, ndipo chikalata cha dokotala ndicho umboni waukulu kukhoti. Tsono werengani mmene mwambo wathu umayendera. Tsiku loyamba kutumiza uthenga kwa ankhoswe. Tsiku lachiwiri nkhoswe wakuchimuna wapita kumaliro. Tsiku lachitatu akumana, agwirizana kuti nkhani ipite kwa amfumu Loweruka. Pofika Lowerukalo khomo la chipatala latsekeka kale, popanda munthu ngakhale mmodzi amene anali ndi mtima woipa. Mayi sayenera kudikira kalata ya mfumu kuti aonane ndi namwino. Bwalo lingadikire, magazi sadikira.

Sindikunena kuti unkhoswe ndi woipa. Amene amalankhula choncho sanauone bwino. Makolo athu Achewa anaika ankhoswe kuti mkazi asakhale yekha m'banja. Pa chikamwini mwamuna ndiye ankasamuka kukakhala kwa mkazi, pakati pa amayi ake, abale ake ndi alongo ake. Mwini mbumba anali pafupi. Mkamwini wokweza dzanja ankadziwa kuti kukuwa kumodzi kokha kudzutsa mudzi wonse, ndipo atha kupatsidwa katundu wake n'kuuzidwa njira ya kwawo. Munda unali wa mkazi, ana anali a mbumba ya mkazi. Chimenecho chinali chitetezo chenicheni, cholimba kuposa chikwangwani chilichonse cha pamsewu.

Chitetezo chimenecho chaphwa m'malo ambiri. Maukwati a chitengwa achuluka, ndipo mkazi amakakhala kwa eni, kutali ndi alongo ake. Kumene anatsata mwambo wa malowolo, makolo a mkazi amaopa kubweza zimene anadya kale, motero amamukankhira mwana wawo kubwerera. Ena asamukira ku Moatize kutsata ntchito za malasha, n'kumakhala m'nyumba za lendi pakati pa anthu osawadziwa, kumene mnansi akamva kulira amangokweza wailesi. Ankhoswe atsala ndi theka la ntchito yawo, loyanjanitsa, pamene theka lina, lomuteteza mwana wawo, linatayika panjira.

Ndiye pali nkhani ya ndalama. Ku Angónia, ku Macanga ndi ku Chifunde mabanja ambiri amadalira fodya, ena mbatatesi, soya ndi chimanga. Mkazi amafesa nazale, amathirira, amawokera, amathyola, amasoka, amasankha. Koma mgwirizano ndi kampani yogula nthawi zambiri umalembedwa m'dzina la bambo, ndipo ndalama imafikira m'manja mwake. Aliyense wokulira kuno akudziwa mmene nyengo yogulitsa imakhalira: mabawa adzaza, njinga zamoto zatsopano, bambo osaoneka pakhomo sabata yathunthu, mwina n'kubwera ndi mbiri ya mkazi wachiwiri. Mayi akafunsa kuti "nanga za feteleza wa chaka chamawa, nanga za sukulu ya ana?", yankho limakhala mbama. Ndipo mgwirizano womwewo ndi umene umamugwira mwendo kuti asakanene. Bambo akatsekeredwa miyezi itatu nthawi yolima, ngongole ya zipangizo abweza ndani? N'chifukwa chake amayi ambiri akafika ku Gabinete sapempha kuti mwamuna amangidwe. Amati, "Mungomuopseza, asiye." Lamulo limati mlandu ukalowa subwerera, mayi akuti ndikufuna mtendere ndi ufa. Wapolisi wabwino amagwira ntchito pakati pa ziwirizo tsiku ndi tsiku, ndipo si ntchito yophweka.

Wina asaganize kuti ili ndi vuto la osauka ndi osaphunzira okha. Kafukufuku wa boma wa zaumoyo ndi chiwerengero cha anthu wa 2011 anapeza kuti pafupifupi mkazi mmodzi mwa atatu alionse m'dziko muno anamenyedwapo kuyambira ali ndi zaka 15. Mu Disembala 2016 Valentina Guebuza, mwana wa mtsogoleri wakale wa dziko, mayi wa chuma ndi maphunziro, anawomberedwa n'kuphedwa ndi mwamuna wake m'nyumba mwawo ku Maputo, ndipo khoti linagamula mwamunayo zaka 24. Ngati mpanda wa nyumba imeneyo sunathe kumutchinjiriza, umphawi si muzu wokhawo.

Mafumu ali pati pa zonsezi? Boma linawazindikira mwalamulo kudzera mu Decreto 15/2000, limene linawaika pamodzi ndi masekeretale a m'midzi ndi m'mabairro (madera a m'tauni) ngati atsogoleri a anthu ogwira ntchito ndi boma. Palinso makhoti a m'midzi, tribunais comunitários, amene anakhazikitsidwa ndi lamulo la 1992. Mphamvu zawo zili ndi malire: kuyanjanitsa, kuweruza timilandu ting'onoting'ono, kulipiritsa pang'ono, kupereka ntchito ya m'mudzi yosapitirira masiku 30. Sangatsekere munthu m'ndende, ndipo kugwirira kapena kuvulaza si milandu yawo. Mfumu yolandira mbuzi kuti "itseke" nkhani ya mtsikana wogwiriridwa yadumpha malire ake. N'chifukwa chake ntchito yaikulu imene boma ndi mabungwe amachita m'madera ndi kuitana mafumu, anyakwawa, azibusa, azamba ndi anamkungwi ku maphunziro, kuti adziwe mlandu wawo ndi uti, wa boma ndi uti. Ena amapita chifukwa cha nsima ndi kandalama ka ulendo, tisanamizane. Koma mfumu imodzi ikamvetsa, n'kuyamba kunena pabwalo kuti "iyi sindiigwira, tiyeni ku posto ya apolisi," mudzi wonse umasintha kayendedwe, chifukwa anthu amamvera amene amawagawira minda ndi manda kuposa mlendo wobwera pa galimoto ya bungwe.

Pa maukwati a ana ndi pamene lamulo laluma kwambiri. Kafukufuku yemwe uja wa 2011 anasonyeza kuti atsikana 48 mwa 100 alionse ankakwatiwa asanakwanitse zaka 18, ndipo 14 mwa 100 asanafike 15. Lamulo la mabanja la 2004 linkalola ukwati pa zaka 16 makolo akavomera. Mu 2019 khomo limenelo linatsekedwa, ndipo kunabwera Lei 19/2019, loletsa maukwati a ana. Wamkulu wokwatira mwana atha kukhala m'ndende zaka 8 mpaka 12. Kholo lopereka mwana, ndi amene wayendetsa mwambowo akudziwa, nawonso ali ndi mlandu, ndiye kuti nkhoswe wolandira chiongo cha mtsikana wa zaka 15 akudziika yekha m'manja mwa apolisi. Chakumapeto kwa 2018 unduna wa maphunziro unachotsanso lamulo la 2003 limene linkasamutsira atsikana oyembekezera ku sukulu ya usiku. Lamulo lakalelo linkalanga mtsikana yekha, ndipo kumidzi kopanda magetsi "sukulu ya usiku" inkangotanthauza kusiya sukulu. Pali nambala yaulere ya 116, Linha Fala Criança, imene mwana kapena wamkulu angaimbe kukanena za mwana amene akuzunzidwa kapena kukwatitsidwa.

Kuno kumalire nkhaniyi ili ndi mbali yakeyake. Pa Biri Biri msewu ndiwo malire a dziko lino ndi Malawi. Mbumba imodzi ili mbali zonse ziwiri. Mwamuna wopalamula ku Angónia amagona ku Dedza usiku womwewo, ndipo mtsikana amene makolo akufuna kumukwatitsa mobisa amangowolotsedwa kwa azakhali ake. Koma zabwino nazonso zimawoloka. Mbiri ya Inkosi Theresa Kachindamoto ya ku Dedza, imene inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kuimitsa mafumu ang'onoang'ono olekerera, inamveka kuno pa wailesi ndi pamaliro, ndipo inachotsa chonamizira chakuti mfumu singalimbane ndi mwambo.

Za chinamwali ndinenepo mosamala, poti si za pabwalo. Anamkungwi amaphunzitsa ulemu, ukhondo ndi kudzisunga, ndipo zimenezo palibe wozitsutsa. Vuto ndi pamene mwana wa zaka 12 wapatsidwa malangizo a m'nyumba ya ukwati n'kuuzidwa kuti wakula, kapena pamene mwambo wa fisi ukuchitikabe mobisa. Njira imene yaoneka kuti ikuyenda si yothetsa chinamwali, koma yokambirana ndi anamkungwi eni ake kuti malangizo agawidwe monga mwa msinkhu, ndipo mwambo uzichitika pa tchuthi. Iwowa ndi amene amanong'oneza mtsikana kuti "za m'nyumba saulula." Akawonjezera mawu ochepa okha, akuti "koma akakumenya ubwere undiuze," aphunzitsa zimene msonkhano wa tsiku lonse sungathe.

Boma lili ndi masiku ake okumbutsa. Pa 7 Epulo, tsiku la amayi a dziko lino, limene Josina Machel, mayi womenyera ufulu wa Mozambique, anamwalira mu 1971, amayi amavala nsalu zofanana, kuguba ndi kuvina. Kuyambira pa 25 Novembala mpaka pa 10 Disembala pamakhala masiku 16 olimbana ndi nkhanza, ndi misonkhano, masewero ndi mapologalamu a pa wailesi. Ndimangoseka pang'ono poona kuti masiku amenewo amagwera nthawi ya mvula yoyamba, pamene mayi wa kumudzi ali kumunda kuyambira mbandakucha. Obwera pa msonkhano amakhala omwewo a pa vila, m'tauni, amene anamva kale. Chimene chimafika kumunda ndi wailesi. Rádio Moçambique ya ku Tete ndi mawailesi a m'madera amaulutsa m'zinenero zathu, ndipo mayi atha kumva za Gabinete ali ndi khasu m'manja, mwamuna wake akumvanso pambali pake.

Abambo nawo ayamba kufikiridwa. Pali gulu la Rede HOPEM, la amuna ofuna kusintha, limene limakambirana ndi amuna anzawo za mawu ngati aja akuti kumenya ndi mankhwala a banja. Mwamuna amamva msanga akadzudzulidwa ndi mnzake wa pa bawo kusiyana ndi mayi wa bungwe. Magulu osunga ndi kubwereketsa ndalama, amene kuno timangoti poupança, sanakhazikitsidwe chifukwa cha nkhanza, koma ndimawaona ngati achita zambiri. Mayi amene ali ndi kandalama kake m'bokosi la gulu ali ndi ndalama ya njinga yamoto ija. Alinso ndi amayi makumi awiri amene amamuona sabata iliyonse, ndipo diso lotupa salibisa kwa iwo kawiri. Nthawi zina ndalama yomweyo imautsa mkangano wina pakhomo, bambo akafuna kuilanda, ndipo magulu anzeru amaitana amuna pa tsiku logawana kuti aone ndi maso awo kumene ikuchokera.

Chotsala chimene lamulo silinathe kuyankha ndi funso la usiku uja: agona kuti? Mayi wakanena, fomu yalembedwa, dokotala wasaina, koma mlandu utenga masabata, ndipo mwamunayo mwina ali panja podikira. Nyumba zosungirako amayi othawa nkhanza n'zochepa kwambiri m'dziko muno, ndipo kumidzi ya kwathu mayi saziwerengera n'komwe. Ku Chiuta kapena ku Marávia malo othawirako ndi khitchini ya mlongo wake, kapena nyumba ya atsibweni ake, anthu omwe aja amene amakhala pa unkhoswe. Akamulandira, namusunga mpaka tsiku la khoti, wina n'kumuperekeza pa njinga, mlanduwo umafika kwa woweruza. Akamuuza kuti wachititsa manyazi mtundu potengera mwamuna wake kwa apolisi, amamanga kamtolo kake madzulo omwewo n'kubwerera, ndipo tsiku la mlandu likafika dzina lake limaitanidwa katatu pakhonde la khoti popanda woyankha.